Kusakaniza mbiri ya banja ndi nkhani zopeka

Achimwene, mwafunsa ngati owunika mabuku angalandire bwino buku limene mukufuna kulemba lonena za makolo anu amene anadzakhazikika kuno ku Mchinji, popeza mukuganiza zopeka nokha mbali zimene agogo anu sakuzikumbukiranso.

Zimene zinachitikira Alex Haley, mlembi wa ku America, zingakuunikireni. Buku lake la Roots, lomwe linatuluka mu 1976, linatsata mzere wa makolo ake mpaka kwa Kunta Kinte wa ku Juffure, m'dziko la Gambia, ndipo mu 1977 analandira mphotho yapadera ya Pulitzer. Koma akatswiri a mbiri atafufuza zikalata zakale za ku Virginia, ku America, anapeza kuti zaka zina sizinkagwirizana ndi zimene iye analemba. Kuwonjezera apo, mlembi wina, Harold Courlander, anamusumira kuti anakopera ndime za m'buku lake la The African, ndipo mlanduwo unatha mu 1978 Haley atavomera kulipira ndalama. M'maganizo mwanga, chimene chinakwiyitsa owunika sichinali kupekako ayi, koma kuti owerenga ambiri anakhulupirira kuti zonsezo zinali mbiri yeniyeni.

Choncho nenani poyera m'mawu oyamba kuti zoyankhulana za anthu mwazipeka nokha. Zomwe zili ndi umboni, monga kugonja kwa Angoni a Mpezeni kwa Angerezi mu 1898, kapena kuti Mchinji inkatchedwa Fort Manning, musazisinthe. Musanasindikize, kawawerengereni atsibweni anu, chifukwa iwowo ndi amene adzayambe kukutsutsani, owunika a m'nyuzipepala asanalione n'komwe bukulo.