Mafunso a Owerenga: Kodi khansa ya kuchimuna ingandipeze?

Funso: Ndine mayi wa ana atatu ndipo ndimakhala ku Ulongwe, m'boma la Angónia. Agogo anga obereka bambo anamwalira ndi khansa ya m'mawere, ndipo chaka chatha azakhali anga anawapeza ndi matenda omwewo asanakwanitse zaka 45. Amalume akuti ndisade nkhawa chifukwa zimenezo n'zakuchimuna, ife timatsata kwa amayi. Koma mwana wanga amene akuphunzira zaunamwino ku Tete wanditchulira za BRCA2. Kodi chimenechi n'chiyani, ndipo chikundikhudza?

Yankho: Amayi, pa nkhani ya mbumba ndi minda amalume anu akunena zoona, koma za kumtundu sizitsata mwambo umenewo. Pafupifupi selo lililonse la m'thupi mwanu lili ndi makromozomu 46, timitolo tosunga malangizo a thupi, ndipo 23 munatengera kwa amayi, 23 kwa bambo. BRCA2 ndi jini, kutanthauza kachigawo ka malangizo amene timatengera kwa makolo, ndipo ili pa kromozomu ya nambala 13, choncho muli nazo ziwiri, ndipo imodzi mwa izo inachokera kuchimuna komwe akuti kulibe kanthuko.

Jini imeneyi, yomwe gulu la asayansi lotsogoleredwa ndi Michael Stratton linaipeza ku Britain mu 1995, imauza selo mmene lingapangire puloteni yaikulu yokonza DNA ikaduka. DNA ndi ulusi wosunga malangizo onse a thupi, ndipo imaduka kawirikawiri maselo akamagawikana. Ikaduka, BRCA2 imanyamula puloteni ina yotchedwa RAD51 n'kuikhazika pamalo odukawo, kuti ifufuze ulusi wofanana nawo umene uli wathunthu n'kukoperako, monga mmene wosoka mphasa yong'ambika amayang'anira mbali yabwino kuti alumikize mosaphonya.

Chimene ine chimandichititsa chidwi kwambiri n'chakuti popanga umuna ndi mazira, thupi limadula DNA dala. Puloteni ya SPO11 ndiyo imadula, kenako BRCA2 imathandiza RAD51 ndi inzake ya DMC1 kulumikiza, ndipo polumikizapo kromozomu ya kwa amayi ndi ya kwa bambo zimasinthana zidutswa, dzira kapena umuna usanatenge makromozomu ake 23. Kusinthana kumeneku n'chimodzi mwa zifukwa zimene ana a bere limodzi amasiyanirana nkhope ndi msinkhu.

Munthu akabadwa ndi BRCA2 imodzi yolakwika, inayo imagwirabe ntchito, koma ikadzawonongeka nayonso mu selo lina, zoduka zimalumikizidwa molakwika mpaka selolo litayamba kuchulukana mosalekeza. N'chifukwa chake anthu oterewa amakhala pa chiopsezo chachikulu cha khansa ya m'mawere ndi ya m'matumba opanga mazira, pamene amuna amatha kudwala ya prostate (kachiwalo ka amuna ka pansi pa chikhodzodzo) ngakhalenso ya m'mawere. Kholo lililonse limene lili ndi jini yolakwikayi, kaya ndi mayi kaya bambo, lingathe kupatsira mwana kapena osampatsira, mwayi wake ndi theka ndi theka, ndipo bambo angaipereke iwo asanadwalepo.

Musataye mtima. Pa amayi 10 odwala khansa ya m'mawere, pafupifupi 9 sanaitengere kumtundu, ndipo si onse obadwa ndi jini yolakwika amene amadwala. Komabe mayi ndi mwana wake wamkazi kudwala matenda amodzi, winayo ali wamng'ono chotero, si nkhani yongoikhalira chete. Kuyeza jiniyi sikuchitika m'zipatala zing'onozing'ono zakumudzi, koma pitani kuchipatala mukafotokoze mbiri ya mbali zonse ziwiri, mutchule zaka zimene aliyense anayamba kudwala, ndipo mupemphe kuti akuyezeni mawere. Mukaona chotupa m'bere kapena m'khwapa, khungu lolowa mkati, kapena magazi otuluka kunsonga ya bere, musadikire kuti chiyambe kupweteka, chifukwa chotupa cha khansa nthawi zambiri chimayamba chosapweteka. Bambo anu, azichimwene anu ndi ana a azakhali anu muwauzenso zimenezi.