Intakomu ikung'ung'udza m'nyumba monse: kodi ndizule n'kugula yatsopano?

Bambo wina wanditumizira imelo yofotokoza kuti m'nyumba imene anagula muli intakomu (chipangizo cholankhulirana m'zipinda ndi pakhomo) yakale, ya mtundu umene umakhala ndi wailesi pa bokosi lalikulu la m'khoma komanso masipika m'zipinda zonse. Akuti akaiyatsa imang'ung'udza mosalekeza paliponse, sipika ya kuchipinda chogona ili zii, ndipo ya pakhomo imathetheka mlendo akamalankhula. Mmisiri amene anamuitana anangoti zonsezo zinatha ntchito, choncho akufunsa ngati palibedi chimene chingakonzeke.

Bambo, musafulumire kuzula. Zimene mwafotokozazi ndi mavuto atatu osiyana, ndipo pa lililonse muyambe mwadzifunsa ngati likumveka paliponse kapena pamalo amodzi. Vuto la paliponse nthawi zambiri limachokera m'bokosi lalikulu, pamene la pamalo amodzi limakhala mu sipika ya pamalopo kapena mu waya wopita kumeneko.

Kung'ung'udzako ndiko kumachititsa anthu ambiri kutaya mtima, chonsecho kawirikawiri ndiko kosavuta kukonza. Bokosi lalikulu limalandira magetsi ochepa kuchokera ku thiransifoma, ndipo mkati mwake muli makapasita akuluakulu amene ntchito yawo ndi kusalaza magetsiwo asanafike ku ampulifaya, chipangizo chokweza mawu. Makapasita amenewa amakhala ndi timadzi mkati timene timauma zaka zikamapita, makamaka chifukwa bokosi lotsekeredwa m'khoma limatentha tsiku lonse popanda mpweya wokwanira. Akauma, kugunda kwa magetsi kumadutsa n'kukamveka m'masipika onse. Kumene magetsi ndi a 50 Hz (amagunda ka 50 pa sekondi) kulirako kumakhala kwa 100 Hz nthawi zambiri, ndipo kumene ndi a 60 Hz kumakhala kwa 120 Hz. Tsitsani voliyumu mpaka pansi n'kumvetsera. Phokoso likakhala chimodzimodzi, kayikirani makapasitawo. Likatsika limodzi ndi voliyumu, ndiye kuti likulowera panjira, mwina pa waya wa intakomu amene anamuyendetsa mogundizana ndi waya wa magetsi a m'nyumba. Mukatsegula bokosilo mungaone kapasita yotupa pamwamba kapena yochucha zinthu zouma zofiirira m'munsi mwake, ngakhale kuti ina imauma osaonetsa chizindikiro chilichonse. Yolowa m'malo ikhale ndi nambala ya ma microfarad (muyeso wa kapasita, wolembedwa pa iyo) yofanana ndi yakaleyo, mavoti ake akhale ofanana kapena okwererapo, ndipo mwendo wa minus ulowe malo ake, chifukwa ikatembenuzidwa imatha kuphulika.

Pamenepa ndikuchondereni kuti musagwire chilichonse m'bokosimo musanazimitse magetsi pa swichi yaikulu, ndipo mudziwe kuti kapasita imasunga magetsi ngakhale mutazimitsa. Ngati simunawotchererepo zipangizo zotere, gawo limeneli mulisiyire mmisiri wa mawailesi.

Za chipinda chogona mungathe kuzifufuza nokha. Jambulani mawaya ndi foni musanamasule, kenako chotsani sipika ya chipinda china imene ikugwira ntchito n'kuilumikiza m'chipinda chogonacho. Ikalankhula, waya ali bwino ndipo yolakwika ndi sipika yakaleyo kapena swichi yake. Kuti mutsimikize, gunditsani batire la mavoti 1.5 pa mawaya awiri a sipikayo: yamoyo imamveka kuti "tha", yakufa imangokhala chete. Koma ikakhala kuti yabwinoyonso sikumveka, waya anaduka penapake, ndipo nthawi zambiri amakhala makoswe m'denga kapena msomali umene unakhomedwa pakhoma. Potanani nsonga ziwiri za wayayo kuchipindako, muyeze nsonga zinazo ku bokosi lalikulu ndi mita yoonera ngati waya ndi wolumikizika, ndipo mita ikapanda kusonyeza kanthu mwapeza kuti podukapo pali pa mzere umenewo. Pogula sipika ina muwerenge zolembedwa kumbuyo kwa yakaleyo, chifukwa maintakomu ambiri akale amagwiritsa ntchito masipika a ma ohm 45 (ohm ndi muyeso wa mmene sipika imakanira magetsi), ndipo kuikapo ya ma ohm 8 yochokera mu wailesi kumalemetsa ampulifaya mpaka kuipsereza.

Ya pakhomo imavutika ndi mvula komanso chinyezi. Masulani, palani dzimbiri pa zomangira mawaya mpaka chitsulo chiwale, ndipo mupopere mankhwala otsukira maswichi pa batani ndi pa voliyumu, osati mafuta, amene amangokoka fumbi.

Kugula yatsopano kumakhala koyenera pamene bolodi la mkati linapserera, monga zimachitikira mphezi ikagunda, kapena pamene zipangizo zolowa m'malo sizikupezekanso. Ngakhale zitatero, mawaya a m'khoma akapezeka abwino nthawi zina amagwiranso ntchito ndi bokosi latsopano, malinga ngati kuchuluka kwake kukugwirizana nalo. Sindikukhutira ndi mmisiri amene amagamula asanatsegule bokosi, choncho mukaitana wina mumupemphe akuonetseni mavoti amene akutuluka mu thiransifoma ndi mmene makapasitawo alili, ndipo mumuuze zimene mwapeza mutasinthanitsa masipika aja.