Yankho kwa mayi ofunsa za mankhwala okweza interferon m'thupi

Mayi, mwafunsa ngati kulidi mankhwala okweza interferon m'thupi, popeza munthu wina pa Kasungu boma akufuna kukugulitsani botolo lolembedwa choncho kuti muzipatsa bambo akunyumba amene akumwa ma ARV. Mankhwala oterewa alipodi, koma amene anayesedwa n'kuvomerezedwa ndi ochepa, ndi amphamvu, ndipo aliwonse ali ndi matenda ake amene amaperekedwera. Palibe mwa iwo amene munthu amamwa tsiku ndi tsiku kuti angolimbitsa thupi.

Interferon ndi puloteni imene maselo athu amatulutsa akangolowedwa ndi vairasi. Anaitulukira ndi Alick Isaacs ndi Jean Lindenmann ku London mu 1957, pamene ankafufuza vairasi ya chimfine. Ntchito yake ikufanana ndi mfuu ya munthu amene njovu zamulowera m'munda usiku kumalire a nkhalango ya Kasungu: chimanga chake chikhoza kutha, koma anansi ake amadzuka n'kuteteza chawo. Maselo oyandikana akalandira chenjezoli amayamba kupanga mapuloteni ambirimbiri olepheretsa vairasi kuswana, ndipo zimenezi zimachitika m'maola ochepa, pomwe ma antibody, mapuloteni ena achitetezo a m'magazi, amatenga masiku angapo kuti apangidwe. N'chifukwa chake interferon imawerengedwa m'gulu la chitetezo chimene munthu amabadwa nacho.

M'kati mwa selo muli timapuloteni tolondera, monga TLR3, TLR7, TLR9 ndi STING, timene timadzidzimuka tikakumana ndi RNA kapena DNA yachilendo, monga ya vairasi. Mankhwala okweza interferon amanyenga alonda amenewa kuti aganize kuti mdani walowa. Odziwika kwambiri ndi imiquimod, odzola pakhungu, amene anavomerezedwa ku America mu 1997 kuti azichiza njerewere za kumaliseche, ndipo pambuyo pake anayamba kugwiranso ntchito pa mtundu wina wa khansa ya pakhungu. Chochititsa chidwi n'chakuti anayamba kuchiza anthu asayansi asanadziwe bwino mmene amagwirira ntchito, kufikira mu 2002 pamene gulu la Shizuo Akira ku Japan linaonetsa kuti amadzutsa TLR7. Amene anadzolapo amadziwa kuti pamalopo pamafiira, pamayabwa, nthawi zina mpaka kusupuka, chifukwa chitetezo chikadzuka thupi limamva. Palinso poly I:C, wodziwika kuyambira mu 1967, amene amadzutsa TLR3 ndipo amagwiritsidwa ntchito kwambiri pa kafukufuku, komanso CpG 1018, amene amadzutsa TLR9 ndipo anaikidwa mu katemera wa hepatitis B wotchedwa Heplisav-B, wovomerezedwa ku America mu 2017.

Nkhani ya mankhwala ena okweza interferon, otchedwa DMXAA, ndiyo ndimafuna aliyense aidziwe. Mankhwalawa ankaphwetsa zotupa za khansa mu mbewa za mu labu, koma atayesedwa pa anthu ambiri odwala khansa ya m'mapapo sanathandize. Kenako kunadziwika kuti amadzutsa STING ya mbewa yokha, ya munthu ayi. Ngati akatswiri okhala ndi zipangizo zonse anasokera chonchi, ine sindingakhulupirire botolo chifukwa chongolembedwa kuti linayesedwa mu labu.

Chachikulu kwa inu, mayi, n'chakuti interferon ikachuluka kapena ikakhalitsa imavulaza. Kuphwanya m'thupi, kutentha ndi mutu zimene timamva tikadwala chimfine, mbali ina zimabwera ndi interferon yomweyi. Odwala hepatitis C amene ankabayidwa jakisoni wa interferon sabata iliyonse kwa miyezi 6 mpaka 12 ankavutika ndi kunjenjemera, kufooka, kuchepa kwa maselo a m'magazi ndiponso matenda a maganizo, ndipo madokotala anausiya msanga atabwera mapiritsi monga sofosbuvir mu 2013. Mu matenda a lupus, kumene thupi limadziukira lokha, interferon imakhala yokwera kwambiri moti mu 2021 kunavomerezedwa anifrolumab, mankhwala oitsekereza. Pa TB, imene kuno sitiisowa, kafukufuku wa mu 2010 anapeza kuti magazi a odwala amaonetsa chizindikiro champhamvu cha interferon, ndipo mu mbewa mtundu wina wa interferon ukachuluka matendawa amakula. Pa HIV namonso, chitetezo chimene chimangokhala chodzuka osapuma ndi chimodzi mwa zinthu zofooketsa thupi, ndipo chimene chimachikhazika pansi ndi ma ARV potsitsa kachilombo m'magazi. Ngakhale pa Covid-19, kafukufuku wa WHO wotchedwa Solidarity anapeza mu 2020 kuti interferon beta sinachepetse imfa mwa ogonekedwa m'chipatala.

Achikulire ena akukumbukira mankhwala otchedwa Kemron. Mu 1990 ku Kenya kunalengezedwa kuti interferon yochepa kwambiri, yoika m'kamwa, ikuchiza Edzi, ndipo Pulezidenti Daniel arap Moi anaiyamikira pagulu. Anthu anathamangira, ena kuchokera kunja kwa dzikolo, koma kafukufuku wosamalitsa amene anatsatira sanapeze phindu limene linkanenedwalo. Zimandipweteka kuona malonjezo omwewo akubwerera ndi mabotolo atsopano, chifukwa ogula ndi mabanja amene ndalama yawo ndi ya fodya, soya kapena mtedza wa chaka chonse. Dziwaninso kuti interferon yeniyeni, pokhala puloteni, imagayika m'mimba, n'chifukwa chake kuchipatala imaperekedwa pa jakisoni.

Ndikupempha kuti musagule kaye. Jambulani botololo mbali zonse, makamaka polembedwa zimene zili m'katimo, mukaonetse adokotala kapena anamwino a ku ART pa chipatala cha boma cha Kasungu kapena kumene bambo amalandirira mankhwala, ndipo mufunse ngati linalembetsedwa ku Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, bungwe loona za mankhwala m'dziko muno. Izi n'zofunika chifukwa zitsamba zina, monga St John's wort, zimachepetsa mphamvu ya ma ARV m'magazi, kuphatikizapo dolutegravir amene ambiri akumwa masiku ano. Ngati chakudetsani nkhawa n'chakuti bambo akuonda, akutsokomola kapena akutuluka thukuta usiku, apite sabata ino akayezetse makhololo ndi viral load, ndipo ma ARV asadumphitse ngakhale tsiku limodzi.