Kodi kiriketi ndi ya mayiko akuluakulu okha?

Mphunzitsi wina wa ku Luchenza wandilembera imelo. Akuti ana a pasukulu yake ayamba kusewera kiriketi ndi thabwa la bulugamu ndi mpira wa tenesi, ndiye akufunsa ngati mayiko ang'onoang'ono amaphulako kanthu pa mipikisano ya dziko lonse, kapena akungowataitsa nthawi anawo.

Aphunzitsi, kugwetsa chimphona tsiku limodzi kumatheka ndithu. Ireland inagonjetsa Pakistan mu 2007, kenako England mu 2011, pamene Kevin O'Brien anamenya ma run (mapointi a kiriketi) 100 pa mipira 50 yokha. Namibia inachititsa manyazi Sri Lanka mu 2022. Chovuta ndi kukhalitsa pamwambapo.

Nkhani imene imandiwawa ine ndi ya Kenya. Anyamata aja anagonjetsa West Indies mu 1996, ndipo mu 2003, motsogozedwa ndi Steve Tikolo, anafika mu semifainolo ya World Cup, n'kukagonja kwa India ku Durban. Tonse tinkati basi, afika. Koma atabwerera kwawo anapeza mikangano ya utsogoleri ndi ndalama, matimu akuluakulu osawaitana kudzasewera nawo, akatswiri n'kukalamba opanda owalowa m'malo. Pofika 2014 Kenya inali itataya ngakhale mwayi wosewera magemu ovomerezeka a ODI, a tsiku limodzi a pakati pa mayiko. Luso linalipo, koma tiyi wosadulira ndi wosathira feteleza inu a kuno mukudziwa mmene amathera.

Gwero lake ndi ili: bungwe la ICC, loyendetsa kiriketi pa dziko lonse, lili ndi mamembala 12 okha amene amasewera Test, magemu otha kutenga masiku asanu, ndipo ndalama zambiri zimapita kwa iwowo, India ndiye imatenga gawo lalikulu. Enawo amatola nyenyeswa. Mwana waluso akaoneka amasamuka, ngati Eoin Morgan, amene anachoka ku Ireland n'kukatengera England chikho mu 2019. Chaka chimenecho, komanso mu 2023, World Cup inali ya matimu 10 okha. Kumeneko ine ndimati n'kutseka chitseko dala.

Khomo lotseguka lili ku T20, kiriketi yaifupi yotha m'maola ochepa. Kuyambira 2019 gemu iliyonse ya T20 pakati pa mamembala a ICC imawerengedwa ngati ya pakati pa mayiko, ndipo chaka chomwecho Malawi inasewera ndi Mozambique kuno kwathu. Mu 2024 mpikisano wa dziko lonse wa T20 unali ndi matimu 20. Uganda inakafika itapitirira Zimbabwe m'masewera achipulula, inagonjetsa Papua New Guinea, ngakhale West Indies inaiphwasula yonse pa ma run 39. Afghanistan inafika mu semifainolo.

Choncho anawo asasiye, koma muwapezere anzawo opikisana nawo pafupipafupi, kaya a ku Thyolo boma kaya a ku Chitakale. Mpira wa tenesiwo muziukulunga ndi tepi ya magetsi ngati amachitira ana a ku Karachi, umathamanga bwino. Kungoti muziseweretsa kutali ndi mawindo a ahedi.