Woyendera kapena woyang'anira? Dzina la munthu wa khonsolo wobwera pomwe mukumanga

Mayi wina wa ku Lilongwe, amene ntchito yake ndi yomasulira zikalata, wandifunsa motere: "Andipatsa chidziwitso cha ntchito kuti ndichiike m'Chichewa. Khonsolo ikufuna building inspector. Ndalemba kuti woyang'anira nyumba, koma mtima ukukana. Nanga zomwe munthuyo ayenera kukhala nazo kuti amulembe ntchito ndizitchule bwanji?"

Mtima wanu sukunama, mayi. Kwa munthu wa ku Kawale kapena ku Ndirande, woyang'anira nyumba ndi uja amasiyiridwa makiyi eni ake akachokapo, amene amatolera lendi pakutha pa mwezi. Mukati woyang'anira zomangamanga mwayandikirako, koma mwatchula munthu winanso: kapitawo, kapena folomani monga amanenera amisiri. Ameneyo amalawirira pamodzi ndi anyamata ake, amawerenga matumba a simenti, amaweruka nawo dzuwa litapendeka, ndipo malipiro ake amachokera kwa mwini nyumba kapena kontilakitala. Kuyang'anira kumafuna munthu wokhala pomwepo, ngati mbusa pa ng'ombe zake.

Wa khonsolo sakhala pomwepo. Amafika, amaona, amalemba, n'kupita kwina. Mneni wa zimenezi tili naye kale, ndiye kuyendera. Mlimi amayendera munda, mlenje amayendera misampha, ndipo amene tinaphunzira kalekale tikukumbuka momwe aphunzitsi ankasesetsera bwalo akamva kuti kukubwera oyendera sukulu. Kachidutswa ka -er- komwe talumikiza ku tsinde la kuyenda ndi kamene kasintha ulendo wamba kukhala ulendo wa cholinga. Choncho lembani kuti woyendera zomangamanga. Akakhala angapo, kapena mukafuna kupereka ulemu, ndi oyendera zomangamanga. Ena angakuuzeni kuti ingolembani insipekitala. Ine sindingatero, chifukwa mawu amenewo anthu anawazolowera ku polisi, ndipo agogo akumudzi akamva kuti kwabwera insipekitala ayamba kufunsa kuti walakwa ndani.

Ndikulimbikira pa nkhaniyi chifukwa dzina limauza anthu zoti ayembekezere. Munthu akamva kuti khonsolo ili ndi woyang'anira, amaganiza kuti alipo wina amene akumuonera nyumba yake tsiku ndi tsiku, ndiye amakhala phee. Akamva kuti ndi woyendera, amadziwa kuti munthuyo amabwera nthawi zina zokha, ndipo kuti mwini nyumba ali ndi udindo womudziwitsa ntchito ikafika pofunika kuonedwa.

Ndinaona ndekha ntchitoyi tsiku lina pa puloti ya mbale wanga. Amisiri anali atakumba maziko, mchenga ndi miyala zili mulu, akungodikira kuthira konkire. Woyenderayo atafika sanayambe n'kulankhula. Anatambasula pulani pamwamba pa diramu, n'kuona kaye ngati ili ndi chidindo cha khonsolo. Kenaka analowa m'ngalandemo, tepi ili m'manja, kuyeza kuya kwake ndi m'lifupi mwake. Pa ngodya ina anatapa dothi n'kulifinya m'dzanja, nati: "Achimwene, apa mpofewa, kumbaninso mpaka mupeze polimba." Mmisiri wamkulu anang'ung'udza, koma anatola pikiyo. Atatuluka anayezanso mtunda wochoka pa khoma kukafika m'malire a puloti, chifukwa nyumba siiloledwa kugunda malire kapena kulowa malo osiyidwira msewu. Chimene amafulumirira kufika konkire asanathire n'chakuti maziko akakwiriridwa palibenso diso lingaone zomwe zili pansi. Pambuyo pake amaonanso zitsulo za mu bimu, denga, mapaipi a madzi oipa ndi dzenje la sepitiki. Zonse zikakhala bwino khonsolo imapereka chikalata chololeza anthu kulowa m'nyumbamo. Zikapotoka, amalemba kalata yoimitsa ntchito.

Tsono pa funso lanu lachiwiri. Pakamwa anthu amangoti mapepala: "Ali ndi mapepala ake?" Pocheza n'zomveka, koma m'chidziwitso cha ntchito lembani kuti zomuyenereza munthu pa ntchitoyi. Mawu oti ziyeneretso aliponso ndipo si olakwika, kungoti ambiri amawamva ngati a m'mabuku a kutchalitchi. Pansi pa mutu umenewo musasakanize zinthu zitatu zomwe omasulira ambiri amaziphatikiza. Pali maphunziro, pali luso, palinso zaka zomwe munthu wakhala pa ntchito. Ndimaona kawirikawiri mawu oti "akhale ndi luso la zaka zitatu". Luso siliwerengedwa zaka. Munthu atha kukhala zaka khumi akugwira chipande koma khoma lake n'kumapindikabe. Nenani kuti "akhale woti anagwirapo ntchito ya zomangamanga kwa zaka zosachepera zitatu", ngati n'zomwe chikalata chanu chikunena.

Pa maphunziro, mayina a masatifiketi asiyeni momwe alili. MSCE ndi MSCE, dipuloma ndi dipuloma, digiri ndi digiri. Ntchito imeneyi kawirikawiri imafuna munthu amene atamaliza Folomu 4 anapitiriza maphunziro a zomangamanga, a uinjiniya kapena a kajambulidwe ka mapulani. Maphunziro otere amapezeka ku MUBAS mu mzinda wa Blantyre, yomwe ambirife timaitchulabe kuti Poly, komanso m'makoleji a ntchito zamanja monga Soche, Lilongwe, Nasawa ndi Mzuzu, amene maphunziro awo amayendetsedwa motsatira ndondomeko za TEVETA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1999. Kudziwa kusakaniza simenti pakokha sikukwanira. Woyendera ayenera kutha kuwerenga pulani, kulemba lipoti lomveka, ndi kudziwa malamulo: lamulo la maboma ang'ono la 1998 lomwe limapatsa makhonsolo mphamvu zawo, lamulo la kagwiritsidwe ntchito ka malo la 2016 lomwe linalowa m'malo mwa la 1988, ndi malamulo omwe khonsolo iliyonse imadzipangira. Otsirizawa ndimamva ena akuwatcha malamulo ang'onoang'ono. Chonde musatero. Munthu akamva kuti lamulo ndi laling'onoling'ono amaliyesa lopepuka, pamene lingathe kumugwetsera nyumba. Atcheni malamulo a khonsolo. Musasokonezenso khonsolo ndi bungwe lolembetsa makontilakitala, lomwe linakhazikitsidwa mu 1996 ndi dzina loti NCIC. Chilolezo chomangira pa puloti yanu chimachokera ku khonsolo.

Bambo wina wa ku Bangwe wafunsa ngati kugwetsa, kugumula ndi kuphwasula n'chimodzimodzi, chifukwa pa wailesi amamva onse atatu akamanena za nyumba zomangidwa popanda chilolezo.

N'zosiyana, bambo. Kuphwasula n'kuchotsa chimodzichimodzi, malata, mitengo ya denga, mafelemu, mwina n'cholinga chokamangiranso kwina. Kugumula n'kwa khoma, ndipo mutha kugumula mbali imodzi kwina kukatsala chilili. Kugwetsa n'kuti nyumba yonse yafika pansi. Khonsolo ikalamula mwini nyumba kuti achotse yekha, iye amaphwasula kuti apulumutseko zipangizo. Ikabwera ndi katapila, imagwetsa. Anthu a mu Blantyre amaidziwa nyenyezi yofiira yomwe inkajambulidwa pa nyumba zakutha mu tawuni, kutanthauza kuti mwini wake aikonze kapena igwetsedwe. Palinso kusiyana pakati pa nyumba yagwa ndi nyumba yagwetsedwa. Zomwe zinakokoloka ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 zinagwa, anthu ali momwemo. Mtolankhani asamasinthanitse mawu awiriwa.

Bambo omwewa afunsanso za mutu wa nkhani womwe anauona, woti "Amangidwa popanda chilolezo", kuti omangidwawo ndani. Funso labwino. Kumanga kuli pawiri m'Chichewa, kwa mmisiri ndi kwa wapolisi, ndipo mutu umenewo sukutiuza ngati akunena za mashopu kapena za anthu. Mankhwala ake ndi kutchula dzina: "Mashopu amangidwa popanda chilolezo", kapena "Apolisi agwira omanga popanda chilolezo".

Pomwe ndatchula mmisiri, mayi a ku Lilongwe aja m'kalata yawo analemba m'misiri. Kankhodolero kaja kachotseni. Timakaika pamene m' akuimira mu wa malo, monga m'nyumba, m'ngalande, m'maziko. Mmisiri ndi munthu, ngati mlimi ndi mphunzitsi, ndipo ambiri ake ndi amisiri.