Ndalama ndi za mfuti imodzi yokha: ndisankhe chipolopolo chiti?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa bambo wina wa kwathu ku Dedza amene wakhalitsa ku Limpopo, m'dziko la South Africa. Amayang'anira famu ya ng'ombe momwe mulinso nyama zakutchire, ali ndi chilolezo chokhazikika m'dzikomo, ndipo wangomaliza maphunziro a kagwiridwe ka mfuti. Funso lake ndi ili: "Ndalama zanga zingakwane mfuti imodzi basi. Ndikufuna ndiziphera nswala ndi njiri za ndiwo, nthawi zina ngoma kapena nyumbu, mwina tsiku lina ntchefu. Abwana akuti .30-06, mnzanga akuti .308, wa m'sitolo akuti 6.5 Creedmoor, ndipo pa YouTube akuti mlenje wa mu Africa asakhale wopanda .375. Mutu waima. Ndigule iti?"

Achimwene, zikomo pondilembera. Sindikuzungulitsani: gulani .30-06 Springfield, ndipo muziikamo zipolopolo za mutu wolemera 180 grain (grain ndi muyeso wa kulemera kwa mutu wa chipolopolo). Mukapeza mfuti yabwino ya .308 Winchester pa mtengo wabwinopo, itengeni osadandaula, chifukwa awiriwa ndi pachibale. Koma ndikufuna mumve chifukwa chake, kuti pokambirana ndi abwana anuwo ndi wa m'sitoloyo muzidziwa chimene mukuikira kumbuyo.

Tiyambe ndi manambalawa, poti ndi amene amaimitsa mutu. Chipolopolo chili ndi chigoba cha mkuwa, wonga uli m'kati mwake, ndi mutu umene umauluka kukalasa nyama. Pa dzina lakuti .30-06, nambala ya .30 ikunena za kukula kwa bowo la mpope wa mfuti poyeza mu mainchi, pomwe 06 ndi chaka cha 1906 pamene asilikali a ku America anayamba kuchigwiritsa ntchito. Cha .308 chinatuluka mu 1952 kuchokera ku kampani ya Winchester, ndipo mbale wake wa usilikali, 7.62x51, anavomerezedwa ndi mayiko a NATO mu 1954. Mutu wa zipolopolo ziwirizi ndi wofanana ndendende kukula kwake. Kusiyana kuli pa chigoba: cha .30-06 ndi chotalika mamilimita 63, cha .308 mamilimita 51. Chigoba chachitali chimalowa wonga wambiri, ndiye chimatha kukankha mutu wolemera popanda kufooka.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Nyama mwatchulazi n'zotalikirana kwambiri pa msinkhu. Tonde wa nswala amalemera makilogalamu cha m'ma 60, nyumbu yamphongo cha m'ma 250, pomwe ntchefu yaikulu imapitirira 700. Mfuti imodzi yoti igwire ntchito pa zonsezi iyenera kukhala yolandira mitu yosiyanasiyana, ndipo .30-06 imalandira kuyambira 110 grain mpaka 220 grain. Mutu wa 180 grain, womwe ndi magalamu pafupifupi 12, umatuluka mu mpope pa liwiro la mamita pafupifupi 820 pa sekondi. Ya .308 imatsalira pang'ono chabe, mwina mamita 30 pa sekondi, ndipo nswala singadziwe kusiyana kwake. Koma mukafika pa mitu ya 200 ndi 220 grain, yomwe mungaifune pa ntchefu, .30-06 imaonetsa ukulu wake. N'chifukwa chake ndaiika patsogolo.

Mwina mukufunsa kuti mutu wolemera chotero pa kanyama ngati nswala si kuononga kodi? Ayi, ndipo apa ambiri amalakwitsa. Chimene chimaononga nyama ndi liwiro. Tchire la ku Limpopo ndi lothithikana, mitengo ya tsanya ndi minga paliponse, ndipo nyama zambiri mudzaziombera pa mtunda wosafika mamita 100. Mutu wopepuka wothamanga kwambiri ukamenya phewa pafupi chotero umaphulika, magazi n'kuundana m'minofu, mwendo wonse wakutsogolo n'kukhala wopatsa agalu. Mutu wolemera woyenda modekha umaboola, n'kutulukira mbali inayo, n'kusiya magazi pansi oti muwalondole, ndipo nyama mumadya mpaka m'mphepete mwa bala. Kwa munthu wosaka ndiwo ndi nyama yoyanika ya biltong, zimenezi si zazing'ono.

Za .375 ndilankhulepo mofatsa, chifukwa ndimailemekeza. Kampani ya Holland & Holland ya ku London inaitulutsa mu 1912, ndipo inapangidwa poganizira alenje a kumayiko otentha. Chigoba chake n'chosongoka pang'onopang'ono kuti chisakanirire m'mfuti dzuwa likaswa mtengo. Imaponya mutu wa 300 grain pa liwiro la mamita oposa 750 pa sekondi, ndipo m'mayiko angapo a mu Africa ndiyo poyambira pamene lamulo limakulolani kusaka njati kapena njovu. Mukadandiuza kuti mumakhala kuchigwa cha Luangwa ndipo njati ili pa mndandanda wanu, ndikadakuuzani kuti .375 kapena 9.3x62, ija anapanga Otto Bock ku Berlin mu 1905, ndiyo mfuti yanu imodziyo. Koma pa nyama mwatchula palibe njati. Ndipo .375 imabwezera paphewa mphamvu pafupifupi kawiri kuposa .30-06, zipolopolo zake n'zodula kwambiri, mfuti yake n'njolemera kuinyamula tsiku lonse.

Kubwezera paphewako musakupeputse. Ine ndinayamba ndi mfuti yaikulu yobwereka, ndisanazolowere. Nditaiombera kangapo poyeserera, thupi langa linaphunzira kuopa, moti ndinkatsinzina ndi kugwedeza mfuti kanthawi kochepa isanalire, osadziwa n'komwe. Tsiku lina ndinalasa nyumbu m'mimba m'malo mwa pachifuwa. Tinailondola kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, ndipo pamene tinaipeza inali itavutika maola ambiri chifukwa cha ine. Zimandiwawabe mpaka lero. Mfuti ija inali ndi mphamvu zochuluka, koma mphamvuzo zinapita pamalo olakwika. Munthu wamba amene amayeserera amatha kuizolowera .30-06 osayamba kuiopa, ndipo .308 ndi yofatsa kuposa pamenepo. Ngati muli ndi thupi laling'ono, kapena mukufuna kuti mayi a kunyumba ndi ana akadzakula adzaphunzirepo, ichi ndi chifukwa chokwanira chosankhira .308.

Wa m'sitoloyo sananame pa 6.5 Creedmoor. Inatuluka ku kampani ya Hornady cha m'ma 2007, ndipo inapangidwira mipikisano yoombera kutali. Imalasa molondola, sipweteka phewa, ndipo pa nswala kapena pa springbok (nyama zonga nswala) za ku Karoo, dera louma la m'dzikomo kumene kulibe mtengo wobisalapo, ndi yabwino zedi. Koma mutu wake wodziwika ndi wa 140 grain. Pa ngoma ingathe ngati mwalasa bwino. Pa ntchefu, ine sindingakulimbikitseni. N'chimodzimodzi .243 Winchester ndi .270 Winchester: yoyambayo yachepa pa nyama zazikulu, yachiwiriyo imakoma pa chigwa choyera koma m'tchire lothithikana liwiro lake limaononga nyama.

Pali ziwiri zakale zimene mudzazimva m'kamwa mwa alimi achikulire kumeneko. Ina ndi 7x57 Mauser, yomwe Mabunu anamenyera nkhondo ndi Angerezi kuyambira 1899 mpaka 1902. Ndi chipolopolo chofatsa choboola mozama, ndipo mlenje wakale W.D.M. Bell anapha nacho njovu mazanamazana, ngakhale kuti zimenezo zikuonetsa luso la munthuyo, osati kuti ife titengere. Inayo ndi .303 British ya mfuti za Lee-Enfield, zomwe agogo athu a m'gulu la asilikali la King's African Rifles ananyamula mpaka ku Burma pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mtima wanga umazikonda zonse ziwiri, ndipo zadyetsa mabanja osawerengeka. Vuto n'lakuti mfuti zambiri za .303 ndi zokalamba, mipope yake inaperepeseka, ndipo kuikapo galasi loyang'anira kumafuna mmisiri. Zipolopolo za 7x57 nazo si sitolo iliyonse imene imasunga.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Musanalipire kalikonse, lowani m'masitolo awiri kapena atatu a m'tauni yoyandikana nanu, kaya ndi ku Polokwane, Lephalale kapena Musina, muone zimene zili pa shelefu. Mudzapeza kuti .308 ndi .30-06 sizisowa, za makampani osiyanasiyana, zotchipa zoyeserera ndi zodula zosakira. Fakitale ya PMP ya ku Pretoria inapanga mitundu iwiriyi kwa zaka zambiri, ndipo za kunja monga Sellier & Bellot, Federal ndi Norma zimabweranso. Izi n'zofunika kwambiri kwa inu chifukwa cha lamulo la m'dzikomo, Firearms Control Act la chaka cha 2000. Mfuti iliyonse imafuna laisensi yakeyake, yomwe imatenga miyezi kuti ituluke, choncho mukalakwitsa posankha simungangobwerera mawa kukasintha. Lamulo lomwelo limalola munthu wamba kusunga zipolopolo zosapitirira 200 pa mfuti iliyonse, ndiye mudzakhala mukugula pafupipafupi, ndipo mufunika mtundu wosavuta kupeza.

Chinthu china chimene simunafunse koma ndiyenera kunena, poti ndinu wa kwathu. Laisensi ya ku South Africa imathera pa malire. Musadzayese kubwera nayo mfutiyo ku Dedza pa tchuthi popanda zilolezo za apolisi a mayiko onse amene mudutsemo. Ku Malawi kusaka m'malo otetezedwa monga Liwonde, Majete, Kasungu ndi Nkhotakota n'koletsedwa, ndipo chisinthireni lamulo la nyama zakutchire mu 2017, milandu ikuluikulu imafika zaka 30 m'ndende.

Mukaigula mfutiyo, ndalama zotsala musazithere pa zokongoletsa. Ikani galasi loyang'anira labwino, la 3-9x40 (lokuza zinthu kuyambira katatu mpaka kasanu ndi kanayi) likukwanirani. Sankhani mutu wolimba wosakira, monga Nosler Partition kapena wa mkuwa wokhawokha wa Barnes, osati mitu ya usilikali yokutidwa yonse, chifukwa imeneyo imangoboola kabowo kakang'ono nyama n'kukafera kutali. Sankhani mtundu umodzi, mukhale nawo, chifukwa mukasintha kulemera kwa mutu malo olasa amasinthanso. Ichuneni mfutiyo kuti pa mamita 100 izilasa masentimita 5 pamwamba pa chizindikiro. Mukatero, kuyambira pafupi mpaka cha m'ma mamita 200 mudzangoloza pachifuwa osawerengera kanthu. Kenako chokani pa tebulo loyeserera, muyambe kuombera mutaimirira ndi ndodo zotsamiritsa mfuti, monga mudzachitire kutchire. Ikani mbale ya pepala pa mamita 100, ndipo mukafika poilasa kasanu motsatizana, pitani mukafune nswala yanu yoyamba. Ntchefu ija muidikire kaye nyengo ziwiri kapena zitatu, ndipo mukadzakonzeka mudzandilemberenso tikambirane za mutu wa 200 grain.