Ndakatulo zofuna woyankha "tilitonse"

Achemwali ena a ku Namwera anditumizira imelo sabata yathayi. Akufunsa kuti: "Mumangokamba za alakatuli achikuda a kunja, chikhalirecho Chingerezi chawo n'chothamanga, ena sitimva n'komwe. Chimakukokani n'chiyani?"

Achemwali, chimandikoka ndi mpweya wa munthuyo. Ndakatulo ya m'buku imadikira kuti muiwerenge muli phee. Koma ya alakatuli amenewa ayi. Mlakatuli amaima pamaso pa anthu, kukweza mawu, kuwatsitsa, kukhala chete dala, khamu n'kumamuyankha ndi m'manja, ena kuliza zala. Nditaziona koyamba pa YouTube ndinakumbuka agogo akuyamba nthano madzulo, ife tikuvomera "tilitonse". Popanda ovomera nthano inkafera m'kamwa. Asodzi okoka khoka ku Makawa nawonso amadziwa zimenezi: wina akatsogolera nyimbo, chingwe chimayenda pamene anzake apolokezera.

Ndipo anthuwa sanayambe kulakatula chifukwa chosowa chochita. Gulu la The Last Poets linabadwa ku Harlem, mu mzinda wa New York ku America, mu 1968, chaka chomwe Martin Luther King anaphedwa, ndipo linkalakatula motsagana ndi ng'oma. Linton Kwesi Johnson, wobadwira ku Jamaica koma wokulira ku London, ankanena za nkhanza za apolisi m'chiyankhulo cha kwawo, osachikonza kuti chikomere azungu. Ameneyu ndiye amandigwira mtima kwambiri. Munthu wokana kuchita manyazi ndi lilime la amayi ake ndimamumva ngakhale mawu ena andiphonye, chifukwa kuno tonse tikudziwa momwe mwana wolankhula Chiyao amasekedwera akafika m'tauni.

Amanda Gorman, amene analakatula pa mwambo wolumbiritsa Joe Biden mu 2021 ali ndi zaka 22, n'ngosavuta kumutsatira. Yambirani pamenepo.

Koma musaiwale kuti wathu tili naye. Jack Mapanje anabadwira ku Kadango, m'boma lathu lomwe lino la Mangochi, mu 1944. Anamutsekera ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kumuzenga mlandu, ndipo ndakatulo zina ankazisunga m'mutu. Ndikamaganiza zimenezi thupi limachita tsemwe.

Za Chingerezicho musade nkhawa. Mvetserani kaye kamodzi osasamala tanthauzo, mungotsata pomwe akupumira ndi pomwe mawu akunjenjemera. Kachiwiri yatsani mawu olembedwa pansi pa kanema. Ngati bandulo ikuchepa, ndiuzeni, ndili nazo zingapo m'foni. Tingakumane pa mlatho wa Bakili Muluzi Loweruka ndikutumizireni pa Bluetooth.